Nyumba ya amayi ku Karonga ndi mmisiri yemwe sankamva zanga

Foni ya amayi inandipeza ndili ku Lilongwe, Lamulungu madzulo pa 6 Disembala 2009. Moni sanandipatse. Anangoti, "Mwanawe, kuno nthaka ikuyenda." Kumbuyo kwawo ndinkamva agalu akuuwa ndi ana akulira. Chimenecho chinali chivomerezi choyamba, cha mphamvu 5.8. Pa 8 Disembala m'mamawa kunabwera china, kenaka tating'onoting'ono tosawerengeka, mpaka usiku wa pa 19 kuchera pa 20 pomwe chinabwera chachikulu cha 6.0. Anthu anayi anamwalira m'boma la Karonga, ambiri anavulala, ndipo boma linalengeza kuti kwagwa tsoka.

Amayi anapulumuka chifukwa cha mantha. Kuyambira tsiku loyamba lija ankagona pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwanyowetsa, udzudzu wa kunyanja ukuwadya. Usiku wa chachikulu chija khoma lapamwamba la m'mbali, lija timati gebulo, linagwera m'chipinda chawo n'kuphwanya bedi pakati. Nditafika patatha masiku awiri, ndinapeza njerwa zili pa pilo.

Nyumbayo anamanga ndi malemu bambo anga. Iwo kwawo kunali ku Ntcheu, anabwera ku Karonga ngati mlangizi wa zaulimi m'minda ya mpunga, n'kukwatira konko, n'kukhazikika. Atapuma pantchito ndalama zawo zonse zinathera pa nyumbayi: njerwa zootcha, malata, zipinda zinayi, balaza lalikulu la mazenera awiri otambalala oyang'ana kumsewu. Pamudzi anthu ankaitchula kuti nyumba ya alangizi. Chomwe sitinkachiganizira n'chakuti njerwa zonsezo zinamatidwa ndi matope, simenti inali ya pansi ndi pulasitala basi, ndipo pamwamba pa makoma panalibe chilichonse chowagwirizanitsa. Khoma lililonse linkadziimira palokha. Nthaka itagwedezeka, lililonse linapita kwake.

Kulakwa kwanga koyamba ndinakuchita mu Januwale. Ndinali ndi tchuthi chochepa, mtima uli pa kuwachotsa amayi pansi pa pulasitiki. Wina anandilozera mmisiri yemwe anazungulira nyumba kamodzi, manja ali m'thumba, n'kunena kuti palibe chovuta, tingomanganso gebulo, ming'alu titseke ndi simenti yamphamvu, tipake laimu. Mawu amenewo ndi omwe ndinkafuna kumva. Ndinamupatsa theka la ndalama ya ntchito pomwepo, osalemba paliponse. Anamatadi ming'alu ya kubalaza, nyumba inaoneka bwino kwa milungu itatu. Kenaka kunadutsa kachivomerezi kakang'ono, kongogwedeza makapu, ndipo ming'alu yonse inatsegukanso malo omwewo ngati munthu wayasamula. Mmisiri uja anali atapita kale kukagwira kwina. Nthawi imeneyo aliyense wodziwa kugwira chipande anali bwana ku Karonga, ntchito zinkachita kumuthamangitsa. Ndalamayo sindinaionenso, ndipo sindingamunene kwambiri chifukwa ndine ndinagula bodzalo ndi manja awiri.

Wachiwiri anatipezera ndi malume, mvula itatha. Anali bambo wachikulire, wochepa thupi, woyenda panjinga yomangirira levulo ndi chingwe kumbuyo. Anali m'gulu la amisiri omwe anaphunzitsidwako kamangidwe kolimba zivomerezi zitachitika, pomwe boma, a Red Cross ndi mabungwe ena ankathandiza anthu kumanganso. Koma iye sankadzitama nazo. Tsiku loyamba sanatchule mtengo n'komwe. Anatenga msomali wa mainchi 6 n'kumakanda pakati pa njerwa, dothi likuyoyoka ngati ufa. Anapempha khasu n'kukumba pakona, kuti aone maziko. Anapeza mizere itatu ya njerwa yokhala padothi, basi. Kenaka anandiitana.

"Achimwene, bwerani mudzaone. Lowetsani dzanja apa."

Dzanja langa linalowa pakona mpaka m'chigongono. Makoma awiri anali atasiyana.

Pamenepo anandiphunzitsa kuwerenga ming'alu, ndipo izi ndikufuna aliyense azidziwe. Mng'alu wochepa ngati tsitsi womwe uli pa pulasitala yekha, ukagogoda njerwa zili nganganga, umenewo ndi wokonzeka. Koma mng'alu woti ukuonekera mkati ndi kunja komwe, kapena wopingasa ngati X pakati pa mazenera, kapena wotsika molunjika pakona pomwe makoma amakumana, umenewo ukutanthauza kuti khoma lathyoka. Anaimikanso chingwe chokhala ndi mwala kunsonga pafupi ndi khoma lakumsewu, ndipo tonse tinaona kuti lapendekera kunja. "Ili mukalipaka simenti, mwangoliveka malaya," anatero. "Ligwetsedwe."

Kuwauza amayi kuti nyumba ya amuna awo igwetsedwe ndi ntchito yomwe inanditengera masiku anayi. Anakana. Anati bola afere momwemo. Amene anawagonjetsa si ine, ndi mmisiriyo. Anakhala nawo pamphasa, akuyankhula nawo m'Chinkhonde chomwe ine ndimangotolako pang'ono, n'kuwalonjeza kuti njerwa za malemu sizitayidwa. Tidzaphwasula ndi manja, mzere ndi mzere, ndipo njerwa zomwezo zidzabwerera m'khoma. Apa matope aja anatichitira ubwino umodzi: njerwa yomangidwa ndi matope imachoka yamphumphu, ungoipala ndi chikwanje. Tinapulumutsa zoposa theka. Malata, zitseko ndi mafelemu ena tinasunganso. Akanakhala wogumula ndi chihamala, zonsezi zikanakhala zibuma.

Chifukwa cha phunziro la Januwale, ulendo uno ndinagula kope la ana asukulu. Tinakhala pansi anthu anayi: ine, amayi, malume ndi amisiri. Tinalemba kuti ntchito igawidwe m'magawo, kuphwasula, maziko, khoma mpaka pamazenera, khoma mpaka pa ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), denga, kenaka zomalizitsa, ndipo gawo lililonse lilipidwe likatha, malume ataliona. Tinalembanso zinthu zomwe anthu amaziona ngati zazing'ono koma ndi zomwe zimayambitsa mkangano: ndani alipira anyamata othandizira, nsima yamasana ndi ya ndani, zipangizo akagula ndani. Tinagwirizana kuti zipangizo ndizigula ndekha potsata mndandanda wake, ndipo kandalama kena katsale m'manja mwanga mpaka nyumba idutse mvula yoyamba. Ndinkaopa kuti pamenepa akwiya. Anangoseka n'kunena kuti amene amakana zotere ndi amene akudziwa kuti denga lake lidzadontha.

Mkangano weniweni unayamba pa pulani. Ine ndinkafuna nyumba ibwerere momwe inalili, mwinanso kuposa, kuti apamudzi aone kuti ana a alangizi alipo. Amisiri anafunsa ndalama zomwe ndinali nazo, anawerengera pansi ndi kamtengo, n'kunena kuti ndalama imeneyo ikwanira nyumba ya zipinda zinayi yofooka kapena ya zipinda ziwiri ndi balaza yolimba. "Sankhani, koma yoyambayo mupeze wina womanga." Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndalama ndi zanga. Anavomera kuti ndi zangadi, koma dzina lomwe lidzatchulidwe nyumba ikadzagwera munthu ndi lawo. Ndinagona nazo usiku umodzi, m'mawa ndinavomera.

Balaza analichepetsa. Anati khoma lalitali lopanda lina lolichirikiza pakati ndi lomwe limayamba kugwa, choncho anaika khoma lodula pomwe bambo anasiya pululu. Mazenera aakulu aja anawakana. Anaika ang'onoang'ono, ndipo palibe zenera kapena khomo lomwe linayandikira kona kuposa masentimita 60. Amayi anadandaula kuti Karonga ndi kotentha, aphikidwa amoyo. Iye anayankha poika mazenera moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi timabowo ta mpweya pamwamba. Gebulo wanjerwa anamuchotseratu, denga analipanga lotsetsereka mbali zonse zinayi, kuti pasakhalenso mulu wa njerwa wolenjekeka pamwamba pa mutu wa munthu wogona. Limadya matabwa ambiri ndi malata odula, koma nditakumbukira pilo uja sindinatsutse.

Maziko anakumba mpaka anapeza dothi lolimba, kupitirira m'mawondo, ndipo pansi anathira konkire asanayale njerwa. Malo ena m'Karonga, makamaka kufupi ndi nyanja ndi m'madambo, nthaka inang'ambika nthawi ya zivomerezi n'kumatulutsa mchenga ndi madzi. Kwathu sizinachitike, komabe anayamba wafunsa anthu oyandikana nafe ngati anaona zotere, ndiponso madzi amafika pati mtsinje wa North Rukuru ukasefukira. Chifukwa cha yankho lawo anakweza pansi pa nyumba kuposa poyamba. Pamwamba pa maziko anayala pepala lakuda lija loletsa chinyezi kukwera m'khoma.

Makoma akunja onse anamanga a njerwa ziwiri, aja amati 9 inchi, mzere wina njerwa zogona m'litali, wotsatira zopingasa, kuti mbali ziwirizo zilumane. Pamakona sankalola kusiya mano kuti adzalumikize mawa. Ankakweza makoma onse pamodzi, kuzungulira, ndipo pakapita mizere itatu kapena inayi ankayala waya wa brickforce wopinda pakona. Tsiku lina ndinapeza akugwetsa mizere iwiri yomwe mnyamata wake anamanga iye atapita kumaliro. Ine sindinaone cholakwika. Anandionetsa kuti mipata ya njerwa yaima pamzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mng'alu umadutsa momwemo ngati njira yolambula. Simenti ya mizere iwiriyo inandipweteka mumtima, koma ndinakhala chete.

Kunena zoona, simenti ndi yomwe inatidanitsa kwambiri. Muyezo wake pomanga unali ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 6 za mchenga, ndipo ankayeza ndi ndowa yeniyeni, osati fosholo, chifukwa fosholo ya munthu wotopa imanama. Ine ndinali nditamva kwa anzanga ku Lilongwe kuti thumba limodzi limatha kutambasulidwa mawilibala ambirimbiri. Nditamuuza, anatenga dothi losakaniza mwanjira yangayo, anaumba kachibuma, n'kuumbanso kena ka muyezo wake. Patatha sabata anandipatsa tonse tiwiri kuti ndifinye. Kanga kananyenyeka m'manja. Mchenga nawo ankausankha: wa mumtsinje, wokhakhala, wopanda dothi. Ankauyesa poufumbata uli wonyowa, ukasiya matope m'dzanja ankaubweza. Ngolo imodzi yathunthu inabwerera, mwini ng'ombe akutukwana njira yonse.

Madzi ndiye musawaiwale powerengera ndalama. Ine ndinawaiwala. Njerwa iliyonse ankainyika isanakwere pakhoma, chifukwa youma imamwa madzi a m'simenti n'kuisiya yosagwira. Khoma likamangidwa linkathiridwa madzi m'mawa ndi madzulo. Kutentha kwa Karonga kumaumitsa simenti isanakhwime, ndipo simenti youma msanga ndi yofooka ngakhale muyezo ukhale wabwino. Amayi atatu otunga madzi pamjigo anakhala pa ganyu miyezi yonse, ndalama yomwe sinali m'kope langa.

Tsopano nkhani yomwe imandichititsa manyazi. Ine ndinkabwerera kuntchito, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi kudzera ku Mzuzu ndi ku Chiweta, choncho ndinasiya msuweni wanga kuti azisunga kiyi wa mosungira katundu. Lamulo linali lakuti matumba opanda kanthu asatayidwe, ndizidzawerenga. Nditabwera kumapeto kwa Julayi ndinapeza matumba 5 akusowa. Sindinafunse bwino. Ndinapita kwa amisiri, anyamata awo ali pomwepo, n'kunena mawu oti munthu wamkulu sauzidwa. Sanayankhe. Anatsuka chipande chake, anamangirira levulo panjinga, n'kumapita. Madzulo ake malume anapeza kuti simentiyo anagulitsa ndi msuweni wanga yemweyo, kwa munthu wina womanga bafa kutsidya kwa msewu.

Ntchito inaima masiku 9. Anatipulumutsa ndi amayi, omwe anagwira tambala n'kundiuza kuti ndinyamule, tipite limodzi ndi malume. Ndinapepesa pakhomo pake, pamaso pa akazi ake. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Achimwene, kuwerenga matumba munachita bwino. Munalakwa poyambira kufunsa." Lolemba anabwera. Kuchokera tsiku limenelo kiyi ankasunga amayi, ndipo thumba lililonse lotuluka ankalemba okha m'kope, amisiri n'kusainira pambali. Amene mukumangitsa muli kutali, musaganize kuti wachibale ndiye mlonda wabwino chifukwa choti ndi wachibale. Sankhani munthu yemwe adzagone m'nyumbamo.

Ring beam ndi yomwe ndinapemphera tchuthi kuti ndiione ndi maso, ndipo ndikulangiza aliyense kuti tsiku limeneli asaphonye, chifukwa konkire ikathiridwa simudzadziwanso zomwe zili mkati. Ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera ndi zitseko, kudutsanso pamakoma amkati, kuti nyumba ikagwedezeka igwedezeke ngati chinthu chimodzi. Anaika zitsulo zinayi za Y12, zokhuthala mamilimita 12, zomangidwa ndi maring'i, tizitsulo topinda tozigwira pamodzi, ndipo pakona sanadule n'kugundanitsa, anazipinda kuti zizungulire. Polumikiza chitsulo ndi chinzake ankazipitiriza kutalika ngati mkono, ndipo malo olumikizirawo sankawaika pakona. Pansi pa zitsulo anaika timiyala kuti konkire izikute mbali zonse, zisadzachite dzimbiri. Muyezo unali ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale. Anathira tsiku limodzi osapumira, kuyambira mbandakucha, anyamata akusinja ndi ndodo kuti musatsale mphako. Konkire isanaume anamizamo mawaya okhuthala, omwe pambuyo pake anamangira mitengo ya denga. Anati denga longokhazika limatsetsereka pa chivomerezi, ndipo mwera ukakwiya umalinyamula. Bimuyo inathiridwa madzi sabata yathunthu, itafundidwa ndi masaka onyowa.

Itatha bimu, ndalama nazo zinatha. Ndinaganiza zokatenga katapila kuti timalize zonse pamodzi, pulasitala ndi penti, amayi alowe m'nyumba yooneka bwino. Amisiri anandiletsa. Anati zomwe zatsala m'thumba zipite ku denga ndi zitseko, pulasitala adikire chaka chamawa, sathawa. Matabwa tinagula apaini a ku Chikangawa, anawapaka mankhwala a chiswe, malata akale tinasakaniza ndi atsopano ochepa, mabowo akale a misomali anawatseka. Amayi analowa mu Novembala 2010, mvula yoyamba ili pafupi, m'nyumba ya njerwa zoonekera, zina zakuda ndi utsi wa zaka za bambo, zina zofiira zatsopano. Anali atakhala miyezi 11 m'kachisakasa.

Pali anzanga a ku Lilongwe ndi Blantyre omwe ndikawafotokozera izi amati ndi nkhani za ku Karonga. Ndimawakumbutsa za Salima mu Malichi 1989, pomwe chivomerezi chinapha anthu n'kusiya ambirimbiri opanda pogona. Nyanja yathu yonse ndi chigwa cha Shire zili mumng'alu waukulu wa nthaka womwe umatsika kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa kuno, ndipo nthaka yake sinagone. Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba m'chaka chomwecho cha 2010, ndipo zambiri zomwe mmisiri wathu ankaumirira ndinadzazipeza momwemo. Mukamakambirana ndi womanga, mufunseni za ring beam, za kutalikirana kwa zenera ndi kona, za momwe adzamangirire denga. Mmene ayankhire mudzadziwa ngati ndi woti mumupatse ndalama zanu. Ndipo pitani mukaone nyumba yomwe anamanga zaka zapitazo, mucheze ndi mwini wake iye palibe. Ine kwa woyamba uja sindinafunse ngakhale funso limodzi.

Kandalama kotsala kaja ndinakapereka mu Epulo 2011, mvula itatha. Anabwera panjinga yomweyo, anazungulira nyumba, anakwera pampando kuyang'ana pansi pa malata, n'kupeza msomali umodzi womwe unkadonthetsa madzi kukhonde, womwe ife sitinauone. Anaukonza kaye asanalandire ndalama. Pulasitala tinadzapaka mu 2012, koma khoma limodzi lakuchipinda amayi anakana kuti lipakidwe, lomwe lili ndi njerwa zambiri za bambo.

Mpaka lero amadandaula kuti balaza ndi laling'ono, kuti a Mvano akabwera ena amakhala pakhonde. Ndikawauza kuti tikhoza kuwonjezera chipinda kumbuyo, amati ndiyambe ndakafunsa amisiri aja ngati zingatheke osaboola bimu. Ndipo bedi lawo analikankhira pafupi ndi chitseko, nsapato ndi tochi zili pansi pomwepo.